Loweruka m'mawa pamwamba pa Ndirande

Nthawi ikamakwana 5 koloko m'mawa Loweruka, msika wa Ndirande umakhala usanadzuke bwinobwino. Amayi ochepa amakhala akuyala masaka pansi, anyamata a pachiwaya akukoleza moto, minibasi imodzi kapena ziwiri zikuitanira a m'tauni. Koma cha kumtunda, kumene nyumba zimayamba kuchepa ndipo msewu umasanduka kanjira, mupeza kagulu ka anthu ataima mozungulira. Ena akumanga zingwe za nsapato, ena akuimbira foni mnzawo amene wachedwa. Aliyense wabereka kachikwama, botolo la madzi lili m'manja. Sakupita kumaliro, sakupitanso kuganyu. Akupita kuphiri, ndipo mukawafunsa chimene akukatenga kumeneko akuyankhani kuti palibe, akungokayenda.

Yankho limenelo likadali lachilendo m'makutu mwa anthu ambiri a mu Blantyre. Kwa ife amene tidakulira m'tsinde mwa mapiri amenewa, kuphiri kunali kopita ndi chifukwa. Unkapita kukatola nkhuni, kukamweta udzu wofolera, kukazula bowa mvula ikagwa, kukatola masuku chakumapeto kwa chaka, kapena kukapemphera. Wobwerako chimanjamanja anthu ankamuyang'ana kawiri. Zokwera phiri n'cholinga choti ukangoima pamwamba, uyang'ane uku ndi uku kenako utsike, tinkati n'za azungu, anthu amene miyendo yawo siitopa ndi ntchito ina mkati mwa sabata.

Lero okwerawo ndi ife tomwe. Ndi aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito m'mabanki, ophunzira a m'makoleji, amayi a geni, magulu a achinyamata a kumpingo. Amapangana pa WhatsApp Lachitatu, Lachisanu amakumbutsana, Loweruka amakumana kusanache. Mchitidwewu udakula kwambiri kuyambira mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseka sukulu n'kuchepetsa misonkhano ndi masewero. Anthu adatopa n'kubindikira m'nyumba, adakweza maso, adaona kuti malo opumirako mpweya wabwino akhala ali pakhomo pawo nthawi yonseyi.

Ndipo ndi zoona, ali pakhomo. Mzinda uno, umene amishoni a ku Scotland adauyamba mu 1876 n'kuutcha dzina la kwawo kwa David Livingstone, udakhala pakati pa mapiri ngati ndiwo m'mbale. Ndirande ndiye wamtali, mamita opitirira 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Soche amapitirira pang'ono mamita 1,500. Michiru ali pafupifupi mamita 1,470. Kummawa kuli Bangwe ndi Mpingwe, patali pang'ono Chiradzulu. Dera lililonse lili ndi phiri lake. Wa ku Chilomoni akatuluka m'nyumba amayang'anizana ndi Michiru. Wa ku Zingwangwa, Chilobwe ndi Chimwankhunda amadzuka ndi Soche. Wa ku Machinjiri amaona msana wa phiri lomwelo limene wa ku Ndirande amaona nkhope yake. Azungu adalitcha phiri la munthu wogona, ndipo mukaliyang'ana muli patali dzuwa likamalowa mumaonadi chipumi, mphuno ndi chifuwa cha munthu amene wagona chagada.

Chitunda choyamba cha Ndirande sichinyengerera. Mumadutsa pakati pa nyumba zomaliza, za njerwa zosawotcha, zina zomangidwa mokhoma pathanthwe. Agalu amauwa, mwana wovala juzi ya bambo ake amakuyang'anani ali pakhonde. Kenako mumalowa m'minda. Inde, minda, chimanga ndi nandolo zobzalidwa pamalo otsetsereka moti munthu umadabwa kuti wolimayo amaima bwanji. Pakatha mphindi 20 macheza amene adayamba ndi phokoso pansi paja amazilala. Chimamveka ndi wefuwefu basi, ndi miyala ing'onoing'ono imene ikugubuduka kumapazi. Amene adabwera ndi nsapato zoterera amayamba kugwira udzu. Wotsogolera akakhala wanzeru amaimitsa gulu, osati chifukwa iye watopa, koma kuti wa m'mbuyo asachite manyazi kupempha.

Ndi pamalo opumira ngati amenewa pamene mumakumana ndi eni ake a njirayo. Inu mukukwera, iwo akutsika kale. Amayi atatu kapena anayi, mitolo ya nkhuni pamutu, nkhata zansanza, wina mwana kumbuyo, kumapazi masilipasi kapena opanda kanthu. Adanyamuka inu mukadali m'tulo. Mtolo wake ndi wautali kuposa munthu, ndipo pokhota amatembenuka thupi lonse pang'onopang'ono kuti nsonga isagunde mwala. Mumapatuka. "Mwadzuka bwanji, amayi?" "Tadzuka, kaya inu." Sayang'ana kumbali, khosi silingalole. Amadutsa, mumamva fungo la utsi ndi thukuta ndi nkhuni zaziwisi, ndipo nkhuni zake mukaziyang'anitsitsa si nkhuni zenizeni, ndi timitengo tonga dzanja la mwana, tina tikadali ndi masamba.

Ine ndikakumana ndi amayi amenewa ndimaganiza kuti nkhani yonse ya mapiri a Blantyre ili pamenepo, pa kanjira kopapatiza pamene wokwera mosangalala akupatukira wotsika ndi katundu. Onse awiri akulifuna phirili. Mmodzi akufuna mthunzi ndi mphepo yake, wina akufuna moto wa nsima ya lero. Ndipo wa kachikwama uja asafulumire kuloza chala, pakuti madzulo akafika kunyumba, magetsi akathima, nayenso ayatsa mbaula. Makala a mu mbaula imeneyo sadagwe kumwamba.

Pamwamba pamakhala mphepo ngakhale mu Okutobala. Thukuta limauma msanga, munthu n'kufuna juzi. Mukakhala pathanthwe, mzinda wonse umayalidwa pansi panu ngati mphasa. Mumaona malata a Ndirande atathithikana popanda mpata, ena onyezimira, ambiri adzimbiri. Mumaona mafakitale a ku Makata, bwalo la Kamuzu ku Chichiri, nyumba zosanja za m'tauni, msewu wa Chipembere ukulowera ku Limbe. Anthu amayamba kuloza: kwathu ndi paja pali mtengo wa mango paja, sukulu yathu ndi iyo, tchalitchi chathu ndi icho. Mukatembenuka, Machinjiri yatambalala mpaka kutali, nyumba zatsopano zikumera pamene zaka zapitazo panali minda. Kunja kukayera, makamaka mvula itangogwa n'kutsuka fumbi, Chiradzulu amaoneka pafupi ngati mungamukhudze, Zomba ali kumpoto chakummawa, ndipo chakumwera kummawa Mulanje amakhala ngati wayandama pamitambo. Phokoso la mzinda limafika ndithu, koma lofewa, losakanikirana: hutala, tambala, nyundo ya wokhoma zidebe, kwaya imene ikuphunzira nyimbo za mawa.

Munthu amene amachita lendi chipinda chimodzi, khoma lake n'kukhala lomwelo la mnzake, bafa la mabanja asanu, wailesi ya neba kulira usiku wonse, amadziwa mtengo wa bata limeneli kuposa wokhala kumayadi. Kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi 800,000 mu mzinda wa Blantyre, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'madera othinana ngati amenewa. Mabwalo osewererapo ana adamangidwapo nyumba. Malo opumulirako aulere ndi owerengeka. Kujimu kumafuna ndalama mwezi ndi mwezi, kunyanja kumafuna thiransipoti ndi malo ogona. Phiri la kwanu silifunsa kanthu koma miyendo. Ena amakwera chifukwa kuchipatala adawauza za shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Ena chifukwa mutu wadzadza ndi ngongole, ntchito yosowa, banja losayenda bwino, ndipo apeza kuti nkhani imene imakanika kutuluka pabalaza imatuluka yokha anthu akamayenda mondondozana, osayang'anana kumaso. Izi ndaziona kangapo, ndipo sindizitenga mopepuka.

Koma maso omwewo amene akusangalala ndi kutali akatsika n'kuyang'ana pafupi, amaona zina. Akuluakulu a ku Ndirande amakumbukira phirili lili ndi nkhalango yowirira, ya paini, bulugamu ndi mitengo yachilengedwe, yotetezedwa ndi boma kuyambira nthawi ya atsamunda. Ana ankaopa kulowamo okha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene dziko linkasintha kulowa m'ndale za zipani zambiri, mantha a alonda a nkhalango adatha, nkhwangwa zidalowa, ndipo m'zaka zochepa phiri lidametedwa mpala. Ena adati ufulu wafika. Chimene chidatsala ndi zitsa, ndipo pambuyo pake zitsazo zidazulidwanso. Lero mukakwera mumayenda nthawi yaitali osapeza mthunzi wokwanira anthu asanu.

M'munsi mwa phirili muli damu la Mudi, la bungwe la Blantyre Water Board. Muli pamwamba mumaliona bwinobwino, ndipo nyengo yamvula madzi ake amakhala ofiira ngati dothi la m'munda, chifukwa ndi dothi la m'mundadi, lokokoloka kuchokera m'minda ya m'phiri ija. Damu likamadzadza matope, madzi amachepa. Madzi ambiri amene mzinda uno umamwa amachita kupopedwa kuchokera mumtsinje wa Shire ku Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kukwezedwa chitunda chonsecho ndi magetsi. Mu 2019 adawonjezera mapaipi ena ochokera ku Likhubula m'phiri la Mulanje. Tikutunga kutali chonchi pamene mitsinje yathu, Mudi ndi Nasolo, ikuyambira pamwamba pa mitu yathu. Mayi wa ku Machinjiri amene amadzuka 3 koloko usiku kukadikira pampopi, ndi mayi uja wa mtolo wa nkhuni, kawirikawiri ndi munthu mmodzi yemweyo.

Za Soche n'zovuta kuzilemba. Aliyense wa mu Blantyre akukumbukira kumene adali pa 13 Malichi 2023. Namondwe wa Freddy adagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, nthaka ya m'phiri idakhuta madzi, ndipo mbali ina ya phirilo idasomphoka. Matope, miyala yaikulu ngati nyumba ndi mitengo zidatsikira pa Chilobwe ndi Manje, zidakwirira mabanja. Anthu adakumba ndi makasu, mafosholo ndi manja. Mitembo idadzadza kuchipatala cha Queen Elizabeth. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, ndipo ena mpaka lero sadapezeke. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo m'makwawa ambiri a Soche mudali mutamangidwa nyumba, osati chifukwa eni ake adali osamva, koma chifukwa ndi kokhako kumene munthu wa ndalama zochepa akadapeza puloti.

Wokwera Soche masiku ano amadutsa m'mbali mwa zipsera zimenezo, mizere yofiirira yotsika kuchokera pamwamba ngati phiri lidakandidwa ndi zikhadabo. Udzu wayamba kumera, koma miyala ili pomwepo pamene idaima. Magulu ena akafika pamenepa amasiya kujambulana, amazimitsa kasipika ka nyimbo. Ndi khalidwe loyenera, ndipo ndikadakonda likadakhala la onse. Pansi pa miyala imeneyo pali anthu a eni ake. Si nzeru kunena kuti mitengo yokha ikadaletsa ngoziyo, poti mvula idali yoopsa ndipo ngakhale m'mapiri a nkhalango nthaka imagumuka. Ku Zomba Napolo adadutsa mu 1946, ku Phalombe mu 1991. Koma phiri lopanda mizu yogwira dothi, lokumbidwa maziko ndi kuswedwa miyala ya kwale m'mbali monse, limagonja msanga, ndipo likagonja limapeza anthu pansi pake.

Ndi ku Soche komweko kumene ndidaphunzira kulemekeza chiperoni. Udali mwezi wa Julayi, zaka zingapo Freddy asanabwere. Tidakwera kukuwala, koma tili pamwamba nkhungu idabwera kuchokera kummawa, mwakachetechete, ndi kamvula kowaza kaja kamene sikanyowetsa msanga koma kamalowa m'mafupa. Mphepo imeneyi dzina lake idatengera phiri la Chiperone la ku Mozambique, kumene imachokera. M'kanthawi kochepa sitinkaonanso thanthwe limene tidakhalapo tikudya. Tidayamba kutsika ndi kanjira kamene tinkayesa kathu. Kutsogolo tidamva chikwanje chikugogoda, tidaitana.

"Zikomo kumeneko! Amayi, njira ya ku Chilobwe ndi yomweyi?"

Adatulukira m'nkhungumo, chitenje chonyowa, chikwanje m'manja. "Iyayi bambo, bwererani. Uko n'kuphompho. Dikirani ndimange kaye, titsikire limodzi."

Tidadikira. Adamanga mtolo wawo ndi luzi, mmodzi wa ife adawathandiza kusenza, ndipo adatitsogolera mpaka tidayamba kumva mawu a ana m'nyumba zoyamba. Sadafunse kanthu. Mayi amene m'misonkhano ya zachilengedwe amatchulidwa ngati vuto ndi amene adatitsitsa amoyo tsiku limenelo, chifukwa phirilo ankalidziwa ngati khitchini yawo.

Ku Chilomoni nkhani ya kukwera phiri ili ndi nkhope ina. M'mbali mwa Michiru muli Njira ya Mtanda, yokhala ndi malo oimapo monga mwa mwambo wa Akatolika, ndipo pamwamba padaimikidwa mtanda waukulu wa konkire, wotengera umene uli paphiri la Križevac ku Medjugorje m'dziko la Bosnia ndi Herzegovina. Lachisanu Loyera njira imeneyi imadzadza. Agogo a ndodo, amayi a yunifolomu za mabungwe a mumpingo, achinyamata, ena opanda nsapato mwa kufuna kwawo, onse amakwera pang'onopang'ono, kuima, kugwada, kuimba, kupitirira. Masiku wamba mumapeza wa kolona m'manja ndi wothamanga wa mahedifoni m'makutu akupatsana njira. Kwa munthu amene akuyamba kumene kukwera mapiri, njira imeneyi ndi yabwino: ndi yoonekera, siisowa anthu, ndipo malo oimapo aja amakupatsa chifukwa chopumira.

Kupemphera m'phiri si kwa Akatolika okha. Ku Bangwe, ku Mpingwe, ku Soche ndi ku Ndirande komwe, Lachisanu madzulo mumaona anthu akukwera ndi mabulangete ndi Baibulo, kukachezera usiku wonse. Okwera a Loweruka m'mawa amawapeza akutsika, mawu atasasa, kapena amamva pemphero likuchokera kuseri kwa thanthwe osamuona mwini wake. Pa miyala ina padalembedwa mavesi ndi penti. Makolo athu nawonso ankapita kumapiri kukathira nsembe popempha mvula, choncho phazi la wopemphera ndi lakale panjira zimenezi kuposa la wina aliyense, kupatula la mlenje.

Mbali ina ya Michiru ndi malo otetezedwa, amene adakhazikitsidwa mu 1975 ndipo amayang'aniridwa ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Kwa zaka zambiri kuno ndiye kunali kotsala nkhalango yeniyeni pafupi ndi mzinda: misuku, mombo, tsamba, anyani ndi apusi m'mitengo, mbawala m'zitsamba, afisi m'mapanga, mbalame zosawerengeka. Ana asukulu ankabwera ndi aphunzitsi awo kudzaona mitengo imene adangoimva m'kalasi. Pamwamba mumaona bwalo la ndege la Chileka ndi chigwa cha Shire chikutsetserekera kumadzulo. Koma zaka zaposachedwapa Michiru walira. Mauvuni a makala afuka mkati mwenimweni mwa malo otetezedwawo, ndipo malo amene kale mumayenda mumthunzi lero mumayenda padzuwa, pakati pa zitsa zatsopano. Lamulo la nkhalango la 1997 lidakhwimitsidwa mu 2020, zilango zidakwera, koma thumba la makala likadalowabe m'tauni panjinga m'bandakucha uliwonse, chifukwa ogula alipo ndipo ndi ife. Amene adaona Ndirande akumetedwa akuti zimene zikuchitika ku Michiru akuzizindikira.

Miyendo ikazolowera mapiri a pakhomo, mtima umayamba kulakalaka Mulanje. Gulu limasonkha ndalama mwezi wathunthu, limachita hayala minibasi, limanyamuka usiku kudzera msewu wa Midima kapena wa ku Thyolo, ndipo pasanathe maola awiri limakhala lili pa Likhubula. Ambiri ulendo woyamba amathera pa Dziwe la Nkhalamba, pamene madzi amagwa kuchokera pathanthwe kulowa m'dziwe lozizira ngati achokera mufiriji. Ndi ulendo wa ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono kuchokera pansi, wokwanira kubwerera tsiku lomwelo. Dziwelo ndi lakuya ndipo lamezapo anthu, choncho wosadziwa kusambira akhale pamwala, aviike mapazi, palibe amene amuseke.

Ofuna zambiri amagona m'phiri. Pamwamba pa Mulanje pali tinyumba togonamo alendo, monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo ndi Sombani, tokhala ndi mlonda ndi malo osonkhapo moto. Chakudya ndi zofunda mumanyamula nokha kapena mumalemba onyamula katundu. Nsonga ya Sapitwa, mamita 3,002, ndiyo yaitali kuposa zonse m'Malawi, ndipo ambiri amagona pa Chisepo n'kuilawirira m'mamawa. Dzina lokhalo likuchenjeza kale. Anthu a m'tsinde mwa phirili, Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao, amati kumeneko n'kwa mizimu, ndipo amalangiza kuti ukapeza chakudya chokonzedwa kale m'phirimo udye wekha osaitana mnzako, ndiponso usamatchule zonyoza uli pamwamba. Kaya munthu amakhulupirira zimenezi kaya ayi, phirili limafuna ulemu. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, adasiya womuperekeza n'kupitirira yekha cha ku Sapitwa, nyengo idasintha, ndipo thupi lake lidapezeka patatha masabata. Safunsa adadya phula. Operekeza a pa Likhubula amadziwa mtambo umene ukubwera ndi mvula ndi umene ukungodutsa, ndipo ndalama imene mumawapatsa ndi imene imadyetsa mabanja m'midzi yozungulira. Kunenerera mpaka munthu avomere mtengo wa chipongwe, kenako n'kumusenzetsa chikwama chokhala ndi mabotolo a mowa, ndi khalidwe limene ena a ife a m'tauni tiyenera kulisiya. Anyamata omwewa ndi amene amathamanga mpikisano wa Porters Race chaka ndi chaka, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso, opambana osakwanitsa maola atatu, mtunda umene mlendo amauyenda masiku awiri.

Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse, kukhala malo achitatu a m'Malawi pambuyo pa paki ya Nyanja ya Malawi ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni. Tidanyadira, ndipo kunali koyenera. Koma mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe umamera m'phiri lokhali padziko lonse, udatsala pang'ono kutheratu. Kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi midzi yozungulira akhala akufesa ndi kubzala mbande zambirimbiri, koma mkungudza umakula mochedwa ndipo moto wolusa wa chilimwe sumvera chisoni kambande. Mlendo akagula kabokosi konunkhira ka mkungudza m'mbali mwa msewu adziwe chimene wagula.

Zomba ndi wofatsa. Galimoto imakwera mpaka pa Ku Chawe, choncho ndi ulendo umene mungatengeko ana ndi agogo. Pali damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, dzenje la Chingwe ndi nthano zake zoopsa, ndi malo oonerapo patali amene adatchedwa Emperor's View pokumbukira kubwera kwa mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965. M'mbali mwa msewu anyamata amagulitsa sitiroberi ndi zipatso zina za m'phiri m'timbale. Amene sakufuna chitunda konse amapita ku Thyolo kukayenda m'minda ya tiyi, monga ku Satemwa, kumene kubiriwira kwake kumapumitsa maso otopa ndi fumbi la ku Bangwe. Ndipo ambiri a ife, tikanena zoona, malo athu opumulira ndi kumudzi: kukwera minibasi pa Limbe Loweruka m'mawa, kukatsika ku Chiradzulu, ku Thyolo kapena ku Phalombe, kukadya nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera pansi pa mtengo wa mango, n'kubwerako Lamulungu ndi kathumba ka mbatata.

Maulendo akutaliwa ndi a kamodzikamodzi, mwezi ukathera bwino. A sabata ndi sabata ndi a phiri la pakhomo, ndipo kumeneko kuli zofunika kuzidziwa zimene palibe chikwangwani chimene chingakuuzeni. Musakwere nokha, makamaka amayi ndi atsikana, chifukwa m'njira zina anthu alandidwapo mafoni. Nyamukani m'mamawa kuti dzuwa la Okutobala likupezeni mukutsika. Madzi akhale ambiri kuposa mmene mukuganizira, ndipo nthochi, mbatata yophika, chigumu kapena mtedza zimagwira pamimba kuposa mabisiketi. Chilimwe chenjerani ndi chitedze: nyemba zake zaubweya zikakukhudzani, kapena mphepo ikangouluzira ubweyawo pakhosi, ulendo wonse umasanduka wokanda. Mvula ikagwa masiku awiri otsatizana, phiri lisiyeni lipume. Mukadutsa m'munda mwa munthu pondani m'malire, ndipo chimanga ndi nzimbe za m'njira zili ndi mwini wake. Mukapeza anthu akupemphera, tsitsani mawu.

Chimene chimandipweteka ndi zinyalala. Pamwamba pa Ndirande, pamalo pomwe anthu amajambulirapo zithunzi zokongola zija, m'ming'alu ya miyala mwadzadza mabotolo apulasitiki, mapepala a masiwiti ndi timbale ta chipisi. Zimenezi sadabweretse ndi amayi a nkhuni, kapena owotcha makala. Tidabweretsa ndife, ophunzira, ovala nsapato zodula. Botolo limene udatha kulinyamula lodzadza pokwera silingakulemere potsika lili lopanda kanthu. Pali magulu amene ayamba kunyamula matumba n'kumatola potsika, ndipo ena nyengo yobzala mitengo, imene imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, amakwera ndi mbande m'manja. Ndi chiyambi chabwino, ngakhale kubzala n'kosavuta poyerekeza ndi kusamala. Mbande zambiri zimene zimabzalidwa pamaso pa makamera mu Januwale zimakhala zitapsa ndi moto wa osaka mbewa kapena kudyedwa ndi mbuzi pofika Seputembala. Imene imapulumuka ndi imene ili ndi munthu woiyendera, woilambulira udzu m'mbali moto usanafike, wogwirizana ndi mwini munda ndi amfumu a deralo. Ndipo ndani angayendere mtengo wa pamwamba pa phiri kawirikawiri kuposa munthu amene amakwerako Loweruka lililonse?

Potsika pa Ndirande mawondo ndi amene amalira. Dzuwa limakhala litakwera, malata ayamba kuthwanima, fungo la mzinda likukwera kudzakuchingamirani: utsi wa mbaula, kanyenya, ngalande. Cha m'ma 10 koloko mumadutsa pamalo oswera miyala. Bambo wachikulire wakhala pansi, miyendo atatambasula, mwala waukulu pakati, akuumenya ndi hamala ya chigwiriro chachitsulo, pambali pake mulu wa kwale woyembekeza ogula. Maso ake ndi ofiira ndi fumbi. Amaimitsa hamala kuti tizidutswa tisakuthwanikireni.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera, kaya inu. Mwakafika pamwamba penipeni?"

"Takafika."

"Kukuoneka ku Mulanje lero?"

Mumawauza kuti kukuoneka, kwayera bwino. Amagwedeza mutu, amayang'ana kumtunda kanthawi, kenako amalavulira m'manja n'kutolanso hamala.